Kapu Yopanda Chogwirira

Joni, 11 Febuluwale 2024

Atate ake Thoko,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi ana? Msana uja ukukulolani kupalasa njinga? Ine ndili bwino, kungoti mapazi sanaphwe chitsikire basi. Agatha msuweni wanga anandilandira, ndipo ntchito ya m'nyumba imene anandipezera ija ndayamba. Andipatsa kachipinda kuseri kwa galaja. Kali ndi bedi ndi loko, zina tidzakamba.

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera m'masiku a makolo. Pa foni inu mumangoti ee, ee, ndamva, foni ikangoduka zonse zauluka. Ba Harrison, kondakitala wa basi ya ku Lusaka, avomera kumakusiyirani kalata ndi katundu pa siteshoni ya Kafue akamadutsa. Muwerenge inu, kenaka mupatse Thokozile.

Chimene ndavutikira ulendo wonsewu ndi chimodzi, ndipo mukuchidziwa: Thoko alembe giredi naini mu Novembala, akhoze, apitirire. Ine ndinalekezera mu seveni chifukwa cha mbaula yomweyi, sindifuna kuti iyenso athere pomwepo. Ndikudziwa kuti ndamusenzetsa nyumba yonse ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndiye ndikulemba zonse bwinobwino kuti asamataye nthawi ndi kuganiza, aziphika msanga n'kubwerera ku mabuku.

Thumba la unga liyenera kumaliza mwezi. Muyeso wake ndi kapu yanga yobiriwira ija yopanda chogwirira, asamayese ndi maso, maso ali ndi dyera. Ndili komweko ndinkayesa makapu asanu. Manje pakamwa pamodzi pachoka, ndiye anayi akwana. Amatulutsa mitanda isanu ndi umodzi: itatu yanu, iwiri ya Jason, umodzi wa Chindikani. Nkhoko za m'poto asamataye, ndi chakudya. Kapenta dzanja limodzi lakwana, ayambe wakazinga pouma, mafuta supuni imodzi pambuyo pake, msuzi wa matimati uchuluke kuti anyamatawo azikhala ndi posunsa. Malasha akatsala pa mbaula azizimitsa ndi mchenga, osati madzi, mawa ayakanso. Sopo wochapira amudule tizidutswa, aumike pa zenera, wouma sasungunuka msanga.

Ku munda ku Shimabala mwati chimanga chamasula koma mvula yangoti zii. Musadikire. Chibwabwa ndi masamba a nyemba mubwere nazo zikadali zanthete, Thoko afutse, ayanike pa malata. Mfutso umenewo ndiwo udzatisunge m'chilimwe repu akadzadula. Nkhuku yathadzi yamawanga ija musagulitse, ngakhale munthu abwere ndi ndalama m'manja. Pa nkhuku zonse zija ndi yokhayo imafungatira mpaka kuswa, zinazo zimathawa mazira.

Ba Ennie a khomo loyandikana nalo ndawapempha kuti azisuzumirako akamachokera ku Chanyanya kokaoda nsomba. Inunso ba Levy, madzi a ku pompi asamatunge Thoko yekha. Jason wakula, ngati amatha kuthamangitsa mpira tsiku lonse, chigubu sangachilephere.

Ndine mkazi wanu,
Mainess

Joni, 7 Epulo 2024

Atate ake Thoko,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Chindikani chatha. Ine ndikuyenda, manja okha ndiwo asweka ndi mankhwala otsukira. Agatha akuti azolowera.

Za chimanga ndamva. Chithunzi munatumiza chija ndinachiona ndili m'bafa la madamu, burashi m'manja, ndinangokhala pansi. Mbewu ija, fetereza uja, njinga m'mawa uliwonse, kuti tikolole mapesi. Sindikukunenani, dzuwa silinasankhe munda wanu wokha. Mapesiwo musawasiye, a ng'ombe chaka chino agula. Ochepa muwotche, Thoko acheze chidulo cha delele, tisamagule soda.

Ndiye chaka chino tidya za m'sitolo, ndipo mtengo wa unga ndaumva, wakwera zoopsa. Zimene ndatumiza ndi za unga ndi za tuishoni ya Thoko chabe, musasakanize. Pisiweki yonyamula matumba ku mafakitale ikapezeka pitani, koma msanawo muziwuganizira, ndilibe wina.

Nyemba zimadya malasha kuposa chilichonse. Thoko aziviika madzulo, m'mawa zibwate pang'ono, kenaka akulunge poto m'bulangeti lakale lija, aike mu dengu, avundikire ndi pilo. Pobwera ku sukulu apeza zapsa zokha. Anthu aziseka kuti kwa ba Levy nyemba zimagona pa pilo, asiyeni aseke, malasha sawagulira ndi iwo.

Koma mwana ameneyu wandinyaditsa. Mwati thumba la Malichi lalowa mpaka mu Epulo? Ine amene, mayi wake, silinandifikepo pamenepo. Nditauza Agatha anati mwana wakoyo akamulembe ntchito ku banki. Muuzeni kuti ndamutamanda kwambiri. Ngati angathe, kapu yachinayi ija asamaidzaze, azisiya chala chimodzi. Mitanda ichepa pang'ono koma ikhala yomweyo isanu ndi umodzi, inu simudzazindikira n'komwe. Ripoti yake ya temu ndaiona, wachinayi m'kalasi lonse. Ndinaionetsa ngakhale kwa mlonda wa pa geti.

Mwafunsa ngati ndikudya. Chakudya kuno chiliko, firiji yake kukula ngati wadirobu yathu. Kungoti madamu amadziwa zonse zili m'katimo, mpaka magawo a buledi. Ndimadya, musade nkhawa. Kwa eni kulibe mkuwe.

Chitseko cha khola la nkhuku munakonza? Munandilonjeza ndisanakwere basi.

Mkazi wanu,
Mainess

Joni, 16 Juni 2024

Atate ake Thoko,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine chimfine chinandigwira koma chikupita. Kuno kukuzizira kwa mtundu wina, kolowa m'mafupa, si kwa ku Kafue kumene kumatha dzuwa likangotuluka. Hita ilimo m'kachipinda koma akuti imadya malaiti. Ndimagona ndi juzi lanu lija, mukalifuna muziti lili ku Joni.

Za siketi zandikwiyitsa. Ndinayenda Sande yonse m'tauni ndi Agatha kufuna buluu wofanana ndi yunifomu yawo. Ndinagula saizi imene ndinamusiya nayo, osawonjezerako, ndiye mukundiuza kuti ikugwa, wachita kumanga ndi pini? Mwana wa msinkhu umenewu amakula, sabwerera m'mbuyo. Ndi mashopu akunowa, nambala amangolembapo imene yawabwerera m'mutu. Apinde m'chiuno ndi singano, amadziwa, asamayende ndi pini ngati mwana wopanda mayi.

Chachiwiri ndi ichi mwandiuza mochedwachi, choti aphunzitsi anakuitanani chifukwa Thoko akumagona m'kalasi ndipo masamu atsika. Munakhala nazo masabata osandiuza, ba Levy, mumati ndimva kwa ndani? Ndamufunsa pa foni, akuti palibe kanthu, kungotopa chabe. Kutopa ndi chiyani? Zophika zonse ndinamupeputsira. Ngati ndi madomati opondapo pakhomo aja amaluka ndi tinsalu ta kwa telala kuti agulitse, aleke, ndalama yake ndi yochepa kusiyana ndi tulo. Koma muyang'anenso ngati palibe kafoni kobisa pansi pa matiresi. Akapita ku pompi amatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo amaima ndi ndani? Inu maso anu amangoona tcheni cha njinga.

Ino ndi nthawi ya mbatata, m'mawa muzidya zimenezo, buledi muiwale. Zing'onozing'ono zotsala pansi pa mulu amagulitsa motchipa, azisende, azilenge, ayanike, zidzatithandiza mu Okutobala. Nkhuku zikaikira atatu ndiye kuti ndiwo zakwana, dzira lililonse ndi mwini wake. Ena onse muisiyire yamawanga ifungatire. Mfutso ayambe kutsegula wa masamba a nyemba, wa chibwabwa umakhalitsa.

Ndisanadule foni ndinamufunsa ngati wadya. Anandiyankha Chinyanja chawo cha m'tauni chija, kuti nadya kudala, mami, kutanthauza kuti wadya kale. Mawu ake anali a munthu wongodzuka kumene, chonsecho linali dzuwa la masana.

Madamu wachotsa mtsikana amene ankabwera kudzachapa ndi kusita. Ntchito yake yabwera kwa ine, malipiro ndi omwe aja. Ndikanalemba zambiri koma zala zikukana.

Mainess

Joni, 18 Ogasiti 2024

Atate ake Thoko,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo. Ine sindili bwino, mtima uli m'mwamba chimvere nkhaniyi.

Ba Ennie andiimbira. Inu simunandiimbire, andiimbira ndi a neba. Akuti Thoko anagwa pa pompi ndowa ili pamutu, chizungulire, azimayi anachita kumunyamula. Ba Ennie anamulowetsa m'nyumba mwawo, anamumwetsa madzi a shuga, kenaka anamufunsa mafunso a chizimayi. Mwezi uno ndi wachitatu mwanayu osapita kumwezi. Tulo m'kalasi, chizungulire, milomo yoyera. Ndinu mwamuna, koma ana atatu mwaona akubwera, tanthauzo lake mukulidziwa. Musandiuze za siketi yogwa ija, ena amayamba ndi kuonda, inenso pa Jason ndinatero.

Ndikukolopa zimbudzi za anthu, ndikutola masokosi a ana amene sandipatsa ndi moni yemwe, kuti mwana wanga andilipire ndi mimba? Miyezi itatu mayeso asanafike? Ndinamuimbira, ndinamufunsa dzina la mnyamatayo. Anangolira, akuti kulibe mnyamata. Ndinamuuza mawu ambiri, ena sindingawalembe pa pepala. Ndinamuuza kuti ngati zili choncho anene, ya tuishoni ndizitumiza ya matewera. Ndinamuuzanso kuti ndinalakwa kumutamanda.

Inuyo munali kuti? Mumagona naye denga limodzi, mumadya za m'manja mwake tsiku ndi tsiku, ndiye nkhani ikatulukire pa pompi?

Manje mverani. Musamumenye. Musamuthamangitse. Musaitane alongo anu a ku Zambia Kompaundi kuti adzapange msonkhano, pofika madzulo Kafue yense adzakhala atamva. Ba Ennie apite naye ku kiliniki Lolemba, timve kwa anesi. Inu mupite nawo. Mukhale panja pa benchi ngati muli ndi manyazi, koma mupite.

Ndinapempha madamu masiku ochepa kuti ndibwere. Anandiyankha mosakweza mawu kuti chitseko chili apo, koma ndikatuluka pa geti pali atsikana khumi akudikira. Ndinabwerera ku sinki.

Za kuphika lero ndilibe.

Mainess

Joni, 25 Ogasiti 2024

Atate ake Thoko,

Muli bwanji. Ine ndilipo.

Ndamva, palibe mimba. Ndinapempha ba Ennie kuti abwereze, ndinkaopa kuti khutu langa lasankha zimene likufuna. Anesi akuti magazi achepa kwambiri ndipo thupi latsika, ndicho chifukwa chake kumwezi kunaima. Amupatsa mapilisi, akuti ayambe wapuma asanabwerere ku sukulu, ndipo azidya. Azidya, ngati kuti m'nyumba mwanga mulibe chakudya.

Ba Ennie akuti anesiwo anafunsa mafunso awiri: mayi wake ali kuti, ndipo mwanayu amadya chiyani. Loyambalo ndi langa, ndalimeza. Lachiwirilo ndikufunsa inu. Pa foni mwati amadya, chifukwa akakubweretserani mbale pa tebulo inu ndi anyamata, mukamufunsa amati wadya kale kukhitchini. Munamuonapo akutafuna? Unga sunasowepo, ndiwo sizinasowepo, ndiye magazi a mwana apita kuti? Ngati mukutapako unga n'kumagulitsa, kapena ndalama ikuthera kumowa, ingonenani. Ndatopa ndi kuganiza ndekha m'kachipinda kano.

Sukulu atsegula iye ali pa mphasa. Mupite mukaonane ndi aphunzitsi ake, muwauze zoona, dzina lake lisachoke pa olemba mayeso.

Thoko sakuyankha foni yanga. Sindikumudabwa. Muuzeni kuti mawu aja, kapena ayi, musiyeni, ndidzamuuza ndekha.

Mainess

Joni, 8 Seputembala 2024

Atate ake Thoko,

Moni kwa inu ndi ana. Za mowa zija mundikhululukire, ndinakunamizirani. Thanzi langa musafunse lero.

Dzulo Thoko anayankha. Ndinayamba ndi kupepesa za mnyamata amene kulibe uja. Anati zilibe kanthu, koma mwa mayankhidwe ake ndinamva kuti zili ndi kanthu. Kenaka ndinamuuza kuti andifotokozere mmene amaphikira, kuyambira pa mbaula mpaka pa tebulo. Anatchula ngati akuyankha m'kalasi: makapu anayi, yachinayi yosadzaza, mitanda isanu ndi umodzi, itatu ya adadi, iwiri ya Jason, umodzi wa Chindikani. Anaima pomwepo. Ndinamufunsa kuti nanga wake.

"Wanga simunalembe," anatero. "Ndimadya nkhoko, monga inu."

Ndinakana, ndinati ine ndinkadya. Anati ayi mami, ndinkakuonani. Akuti ndikamaliza kupakulira onse ndinkakhala kuseri pafupi ndi mbaula, kuthira timadzi m'poto, kupala ndi supuni, n'kusunsa mu msuzi wotsala m'mbale zanu. Wina akafunsa ndinkati ndadya kale. Akuti iye ankaganiza kuti wophika amadya choncho, ndipo popeza sindinamulembere mtanda, ndiye kuti unga sungakwane. Mazira atatu aja sanalawepo ndi limodzi lomwe. Atamva kuti ndamutamanda chifukwa cha thumba lolowa mu Epulo, anayamba kupala poto mpaka mbee kuti mitanda yanu isachepe, ndiye ndi nkhoko zomwe zinayamba kusowa.

Ba Levy, ndinachotsa kapu imodzi ndikuti ndikuchotsa yanga. Ine kapu ndinalibe. Imene ndinachotsayo inali ya Thoko. Polemba mitanda ndinawerenga mmene wophika amawerengera, anthu amene akuwapakulira, ndipo wophika tsopano anali iye. Kenaka ndinamuuza kuti achotsenso chala chimodzi. Ine ndinkapirira chifukwa thupi ndi lokhwima, ndinkatola apa ndi apo, kachimanga kootcha ku munda, kambatata pa msika. Uyu akukula, amayenda wapansi kupita ku sukulu m'mimba muli tiyi, abwere atunge madzi, aphike, akhale pa mabuku. Pamwamba pa zonsezo mayi wake n'kumufunsa dzina la mnyamata. Zikundiwawa kwambiri, ndikamasita zovala misozi imagwera pa malaya a bwana.

Koma inunso kalata ija munaiwerenga, mokweza, munatero nokha. Itatu, iwiri, umodzi. M'nyumba muli anthu anayi. Tonse awiri tinapita ku sukulu yokwana kuwerenga mpaka folo.

Kuyambira lero makapu ndi asanu, odzaza. Thumba likatha pakati pa mwezi, lathera m'mimba mwa ana, ndidzaona chochita. Yamawanga ija muiphe. Ndikudziwa zimene ndinanena, muiphe. Chiwindi ndi nthutumba zimene zimakhala zanu, ulendo uno ndi za Thoko. Mazira asamafungatire nkhuku iliyonse mpaka anesi atanena kuti magazi abwerera, dzira loyamba tsiku lililonse ndi lake. Ba Ennie alonjeza tinsomba ta ku Chanyanya totsala pa malonda, mulandire, ulemu wokana tilibe.

Tebulo lija lili ndi mipando inayi. Wachinayi mumaikapo wailesi. Ichotseni. Thoko azidyera pomwepo, inu mukuona. Kupakula muzipakula inu, mbale yake ikhale yoyamba, ndipo musanyamuke iye asanamalize. Mapoto azitsuka Jason. Alongo anu akamva adzati Levy anamudyetsa mankhwala mkazi wake asanapite ku Joni. Anene, pa pompi sanagwe mwana wawo.

Mkazi wanu,
Mainess

Joni, 3 Novembala 2024

Atate ake Thoko,

Moni wa chikondi kwa inu, kwa Jason, kwa Chindikani, ndi kwa wolemba mayeso wathu. Ine ndilipo. Mawondo ayamba kulira pa masitepe, koma akukwera.

Ndakhala chete mwezi wathawu chifukwa ntchito inachuluka, komanso ndinalibe chokulangizani. Mwachita bwino. Ndamva kuti Thoko wabwerera ku sukulu, aphunzitsi akumuthandiza zimene zinamudutsa, ndipo pini yachoka pa siketi. Masamu akuti akadali kumbuyo. Kaya akhoza kaya sakhoza sindikudziwa, milungu imene anagona pa mphasa inali yambiri. Ndamvanso kwa ba Ennie kuti tsiku loyamba kupakula munagwetsa mtanda pansi ndipo ana anaseka mpaka kutsamwa. Ndikanakonda kuona.

Koma mwati Thoko akumasiyabe theka, akumukankhira Chindikani inu mukayang'ana kumbali, ndipo mutamukalipira anakuyankhani kuti adzamaliza mbale yake tsiku limene mayi wake adzamalize yawo. Ndinadabwa kuti wazitenga kuti. Ndafufuza, ndi Agatha. Mwanayu anatenga nambala m'foni mwanu n'kumuimbira, ndipo Agatha pakamwa pake palibe chitseko. Wamuuza zonse, za tiyi, za m'mphepete mwa buledi mmene ndimadula pokonza chakudya cha ana a madamu cha ku sukulu, za kuti ndalama yanga ya chakudya ndimaiphatikiza ku ya unga wanu. Ndinamukalipira Agatha. Anandifunsa kuti wanama pati.

Lachisanu ba Harrison anandiimbira kuti ndili ndi katundu. Ndinati alakwitsa, katundu amachoka kuno kupita uko. Lero nditatuluka m'tchalitchi ndinapita kukatenga. Kathumba ka unga, mfutso wa chibwabwa, nsinjiro m'botolo, ndipo pakati, yokulungidwa mu tinsalu ta madomati, kapu yanga yobiriwira. Munalibe kalata. Uthenga anapatsira ba Harrison pakamwa, ndipo iwo anaunena ataima pakhomo la basi anthu akumva: akuti kapu imodzi yodzaza, ndipo wophikayo adye.

Ndiye muyeso wanga mwauthamangitsa m'nyumba. Ndikuganiza kuti tsopano mukuyesa ndi chikapu chanu cha tiyi chija, chifukwa china palibe. Thumba silimaliza mwezi, ndikudziwa. Lisamalize.

M'kachipinda mwanga saloleza kuphika, ndiye ndinapita kwa Agatha. Ndinatapa kapu yodzaza, dzanja lokha linayamba kukhuthulako chala chimodzi, Agatha anandimenya pa mkono. Inatuluka mitanda iwiri. Mfutso ndinatendera ndi nsinjiro zija. Muuzeni kuti anafutsa bwino, mulibe mchenga ngakhale pang'ono. Agatha anandikhazika pa mpando, mbale pa tebulo, iye n'kukhala moyang'anana nane manja atapinda. Sindinadziwe poyang'ana. Woyamba unalowa bwino. Wachiwiri ndinayamba kuufunira pepala kuti ndikadye mawa ku ntchito, kenaka ndinakumbuka Chindikani akulandira theka pansi pa tebulo. Ndinaudya wonse. Nkhoko zinatsala m'poto, Agatha anathiramo madzi n'kukataya, ine ndikuyang'ana ku zenera.

Pa Khirisimasi sindibwera. Madamu akupita kunyanja ndi banja lake, akufuna munthu wosunga nyumba ndi agalu, ndipo ndalama yake ikwana mbewu ndi nsapato za giredi teni, ngati Mulungu alola kuti zifunike. Mvula ikagwa yokwana mudzale, musadikire ine. Maungu muike m'mphepete monga kale. Mukapeza kamsoti kabwino kwa anthu a ku Shimabala mugule, khola lisakhale lopanda yofungatira.

Mayeso akuyamba sabata ikubwerayi. Masiku amenewo mbaula asaikhudze, nyemba mukudziwa kale pogoneka. Kalata ino muiwerenge pa tebulo, mbale zili patsogolo, mokweza monga munawerengera yoyamba ija. Thoko mwanangu, ndadya. Osati kudala, lero, mitanda iwiri, Agatha ndi mboni. Manje maliza yako, ukalembe.

Ndine mkazi wanu ndi mayi wanu,
Mainess